Mmene Ndinaviikidwira Pamodzi ndi Chinangwa Chifukwa cha Nantchengwa

Sekani ndithu, mano ndi anu. Aliyense wolowa m'nyumba muno amayamba waseka chithunzi chili pakhomacho asanapereke ndi moni womwe, ndipo ine sindikwiya, chifukwa nanenso ndikanakhala mlendo ndikanaseka: mayi wachikulire, woyera mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa, atagona chagada pathanthwe pakati pa chinangwa choyanika, kukamwa kuli yasa. Ndine ameneyo. Koma musanamalize kusekako, yang'anitsitsani pangodya ya kumanzereyo, pamene pali kanthu kakuda kokhota, chifukwa kanthu kameneko ndi kamene kanapulumutsa mtengo waukulu kuposa yonse m'mbali mwa mtsinje wa Luweya. Wokayika akhale pansi amve. Ine NyaManda ndinaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku sekondale mpaka kupuma, ndinazulitsa ana ambiri zitsa chifukwa cha bodza, ndipo sindingayambe kunama lero imvi zitadzaza mutu.

Nditapuma ntchito, mwana wanga wamkazi amene ali ku Joni ananditumizira kamera ya mlomo wautali ngati munsi, ati ndisamangokhala pakhonde n'kumayang'ana maminibasi opita ku Chintheche. Ndinamuthokoza, ndipo ndimamuthokozabe. Ndinayamba kutsika kumtsinje kukajambula mbalame, ndipo pamalo onse amene ndinayendapo panalibe poposa pa mbawa ija ya kumunsi kwa munda wa apongozi anga, pamene amayi a m'mudzi mwathu amaviika chinangwa cha kondowole. Mtengowo unali ndi mthunzi woti ng'ombe zonse za ku Mzimba zikanakwanamo n'kutsalako malo a abusa, ndipo pamphanda yake yaikulu, pamwamba pa madzi, panali chisa cha nantchengwa, mbalame yofiirira ija ya mutu ngati nyundo, imene imamanga nyumba ya timitengo, matope, nsanza ndi chilichonse chimene yatola, mpaka munthu wamkulu atha kuimapo osaboola.

Tsono mtengowo unali ndi mwini wake: alamu anga a Yesaya, mng'ono wa malemu amuna anga, msodzi wa usipa. Pano ndiyenera kunena chilungamo, poti ine sindikonda kumva mbali imodzi. A Yesaya sanali munthu wowononga. Chaka chimenecho mwera unawomba mwaukali, bwato lawo linamenyetseka pamiyala n'kusweka zidutswazidutswa, iwo anapulumuka ndi kabudula yekha, ndipo kunyumba kunali ana asanu otsegula pakamwa ngati anapiye. Mitengo yosemera bwato inatha kuno, yotsala ili kutali kumapiri, ndipo mbawayo anabzala ndi agogo awo enieni. Akanaidula palibe akanawaimba mlandu. Kumbali yanga kunali mthunzi wa amayi, mbalame, ndi mtima wanga basi, ndipo mtima wa mlamu sudyetsa ana.

Chokhacho chimene chinawagwira dzanja ndi mwambo wathu wakale, wakuti mtengo umene nantchengwa akukhalamo sugwetsedwa, ndipo chisa chake sichikhudzidwa, wochita zimenezo mutu umazungulira. M'kalasi ndinkauza ana kuti zimenezi n'zoopsezera chabe, koma sabata imeneyo mwambowo ndinaukonda ngati ndinaupanga ndine. Choipa chake, a Yesaya anali ndi yankho, ndipo yankholo analimva kwa ine ndemwe tsiku lina ndikudzitama ndi sukulu yanga: kuti nantchengwa amamanga zisa zambiri n'kuzisiya osakhalamo.

"Alamu," anatero Lachinayi akunola nkhwangwa pakhomo pawo, "chisa chimenecho ndi bwinja. Mwini wake anasamuka kalekale, kapena naye anapita ku Joni."

"Nanga ndikakutsimikizirani kuti alimo?"

"Ndi pakamwa ayi, aphunzitsi, pakamwa panu ndimapadziwa. Ndi chimunsi chanucho. Lolemba masana ndikubwera ndi nkhwangwa. Mukandionetsa chithunzi chakuti mbalameyo ikukhalamo, ngakhale chala chake chokha, nkhwangwa ibwerera kunyumba osadya kanthu."

Tinagwirana chanza. Tsiku lomwelo ndinachita zimene mabuku a ku koleji amanena: ndinamanga kachisakasa ka bango moyang'anana ndi chisacho n'kubisalamo, koma mbalame zonse za m'Luweya zinasamukira tsidya lina n'kumandiyang'ana, zina zikuseka poyera. Amene anandithandiza ndi NyaLongwe, mayi wamfupi wa zala zokhota ndi ntchito, amene amatsogolera anzake pa zoviika chinangwa. Anandinunkhiza n'kupukusa mutu.

"Ama, mukununkhira sopo ndi mafuta a m'botolo. Mbalame za kuno sizithawa chinangwa, zimathawa aphunzitsi."

Mabuku sananame, kubisala n'kofunika, koma NyaLongwe ankadziwa chimene mabuku sanalembe. Choncho Lachisanu m'mawa, amayi atasenda chinangwa chatsopano, ndinalowa nacho m'dziwe lawo la m'mbali mwa mtsinje, madzi mpaka m'khosi, iwo n'kundikhuthulira chinangwa kutsogolo ndi kumbuyo, kundifunditsa masaka ndi masamba a nthochi, kusiya maso ndi mlomo wa kamera zokha, kenako, poti dzanja lozolowera silifunsa mutu, anandiika miyala iwiri ikuluikulu pamapewa monga amachitira kuti chinangwa chisayandame. Apa ndiye panali cholakwa. Kwathu kuno chinangwa chikaviikidwa sichivundukulidwa masiku ake asanakwane, ukachisuzumira msanga chimalimba mtima n'kukana kufewa, ndiye amayiwo atangochoka panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera, aliyense akuganiza kuti aphunzitsi akatopa atuluka okha, pamene ine ndi miyala ija sindikanatha ngakhale kukanda mphuno. Mukumva?

Koma malangizo a NyaLongwe anagwira ntchito mopitirira muyeso. Dzuwa lisanafike pamutu anabwera tembo, kambalame kobiriwira kaja kogwira nsomba, n'kutera pansonga penipeni pa mlomo wa kamera, kenako kakowa anaima pamwala wa phewa lamanja, mphipi n'kutera wa kumanzere n'kutambasula mapiko kuti aume, atchete anafika gulu lonse n'kuyamba kuluka zisa m'tsitsi langa, zina kuzipachika pa timiyendo ta magalasi anga mpaka ndinkaona dziko kudzera m'timakomo ta nyumba zawo, anamzeze anamata matope kunsi kwa chibwano changa, ndipo nkhwazi, imene sitera pa chinthu chachabechabe, inazungulira katatu n'kusankha mutu wanga kukhala podyera chambo chake. Ndikulumbira, pofika Loweruka mazira anali ataikiridwa, pofika Lamulungu anali ataswa, ndipo tiana take tinkandiyang'ana ngati azakhali awo. Njala sinandigwire, chifukwa tembo uja, poona kukamwa kwanga, anaganiza kuti ndine mmodzi wa anawo n'kumandiponyera timatemba tatiwisi katatu pa tsiku, ndipo ngakhale ndinaleredwa kudya nsomba yophika, wokupatsa ndi mtima wonse sumufunsa za moto. Kunsi kwa madzi nako tinsomba tinali pa ntchito, kudya ming'alu ya ku zidendene zanga imene mafuta onse a m'sitolo analephera, kotero kuti mpaka lero mapazi anga ndi osalala ngati a khanda, amene akufuna ndivule nsapato aone.

Manja anayamba kutopa ndi kulemera kwa kamera. Ndiye ndinaona chipika chikuyandama pang'onopang'ono mpaka kudzaima patsogolo panga, ndinati Mulungu wandikumbukira, n'kutsamiritsa mlomo wa kamera pamenepo, ndipo mpamene chipikacho chinatsegula diso limodzi lachikasu. Inali ng'ona, yaitali kuchokera apa mpaka pamsewu paja. Inandinunkhiza kumaso, inanunkhizanso kachiwiri, n'kugamula kuti ichi ndi chinangwa, ndipo ng'ona sidya chinangwa, motero inangokhala pomwepo masiku awiri, kamera ili pamphuno pake, ikupuma pang'onopang'ono kuti chithunzi chisagwedere, ndipo mvuu ina itafuna kudutsa pafupi n'kuvundula madzi, ng'onayo inangoiyang'ana, mvuu n'kubwerera cham'mbuyo mopepesa. Anthu amanena zoipa zambiri za ng'ona, ndipo zambiri mwa izo n'zoona, ine ndinataya mbuzi ziwiri pamtsinje womwewo, koma imeneyi ndiyenera kuichitira umboni kuti inali yaulemu kuposa makondakitala ena amene ndakwera nawo.

Mwina mukufunsa kuti, ndi mbalame zonsezo, bwanji sindinadzaze kamera ndi zithunzi? Funso labwino, ndikanakupatsani malikisi. Yankho lake ndi lakuti kamera imajambula zimene zili kutsogolo, pamene mbalame zonse za m'Luweya zinali pamwamba pa ine. Kutsogolo kunali chisa chokha, khomo lake lakuda lili pululu. Nantchengwa mwini wakeyo anabwera Loweruka masana, osati kuchisa, koma kumbuyo kwanga, anakankha nkhwazi, anaima pamutu panga, n'kuweramitsa chimutu chake cha nyundo mpaka tinayang'anana maso ndi maso, iye chadodolido, ine ndili chiimire m'chinangwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati woyang'anira mayeso. Atatero anamasula mpango wanga wa kumutu ndi mlomo, osagwetsa dzira ndi limodzi lomwe la atchete, n'kuuluka nawo, ndipo anadikira mpaka nditaphethira ndi pamene analowa m'chisa. Masiku onsewo zinali choncho: ndikatsegula maso, khomo lili pululu, ndikaphethira, ndimve phaa, walowa. Ndinayesa kuphethira ndi diso limodzi, iye n'kulowera mbali ya diso lotsekalo. Mukumva?

Lamulungu ndinamva belu la kutchalitchi, kenako nyimbo za m'Chitonga zikutsika ndi mphepo, ine amene sindinajombepo kupemphera chikwatiwire, ndipo ndinaimba nawo chamumtima, mbalame zapamutu zikuthira mang'ombe. Ndinapempherera mtengo, ndinapemphereranso ana a alamu anga, chifukwa sindinkadziwa kuti pa mapemphero awiriwo loyenera kuyankhidwa ndi liti. Ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kuti chinthu china chikundichitikira. Madzi oviikamo chinangwa sasankha. Amafewetsa chilichonse chimene chaikidwamo. Zala zanga zinayamba kupindika ngati nthochi yakupsa, zigongono zinasiya kudziwa mbali yake, msana umene unawuma ndi zaka zoima pabolodi unafewa ngati phala, ndipo ngakhale mkwiyo umene ndinasungira mphunzitsi wamkulu wina kwa zaka zambiri unasungunuka n'kupita ndi madzi. Lolemba m'mawa dzuwa litangotuluka nantchengwa anatera pamphuno pa ng'ona, anagwira lamba wa kamera ndi mlomo, n'kukoka pang'ono chabe, zala zanga zofewazo n'kungotseguka zokha, ndipo ndinaona ndi maso angawa mphatso ya mwana wanga ikukwera m'mwamba, ikulendewera kukamwa kwa mbalame, mpaka kulowa m'chisa. Nthawi imeneyo sindinaphethire, koma chojambulira ndinalibe.

Posakhalitsa amayi anafika kudzavuula chinangwa chawo. Ng'ona inamira, mbalame zinauluka ndi ana awo omwe, miyala inachotsedwa, ndipo manja ambiri anayamba kutola, kutsuka, kufinya ndi kuponya m'madengu, mpaka anafika pa ine, ananditukula awiriawiri akuyamikira kuti chaka chino chinangwa chabereka, ananditsuka, anandifinya, ndipo mmodzi anali atayamba kale kufunafuna mtsitsi wapakati kuti ausolole, wina akukonza mtondo, pamene NyaLongwe anaona magalasi.

"Mayo ine! Lekani, lekani! Ichi si chinangwa, ndi aphunzitsi!"

Anakambirana pang'ono za chipatala, koma NyaLongwe anati chinthu chofewa ndi madzi mankhwala ake ndi amodzi, ndipo anandinyamula n'kukandiyanika pathanthwe la pansi pa mbawa, pamene dzuwa la m'mawa limalowa cham'mbali, pakati pa chinangwa chinzanga, akumanditembenuza nthawi ndi nthawi kuti ndiume mofanana. Kutentha kwa mwalawo kunandikoma, ndinagona tulo, ndipo ndinadzuka ndi mawu a alamu anga ataima pambali, nkhwangwa ili paphewa, akundilonjera m'Chitonga.

"Mwe uli, aphunzitsi? Kodi ufa wanu tidya liti?"

Ndinadzuka, mafupa akulira gobedegobede poti ndinali nditauma bwino, ndipo ndinawauza zoona, kuti chithunzi ndilibe, ndi kamera yomwe ndilibe, pangano ndi pangano, dulani. A Yesaya anayang'ana mtengo wa agogo awo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu wopambana. Analavulira m'manja, anakweza nkhwangwa, n'kutema kamodzi.

Kamodzi kokha! Mtengo wonse unanjenjemera, chisa chinatsokomola, ndipo choyamba kugwa chinali mpango wanga, kenako kamera, imene inatera pa mulu wa masaka osasweka, kenako kunayamba kugwa mvula ya katundu: mapatapata osafanana, maambulera, wilo la njinga, chipewa cha mlaliki wina chimene chinasowa kalekale, nkhafi, ndipo pambuyo pa nkhafiyo matabwa okhota, limodzi, linzake, linzakenso, mpaka a Yesaya anaponya nkhwangwa pansi n'kugwada, chifukwa pa chidutswa china panali dzina la mkazi wawo limene analemba okha ndi penti yofiira. Linali bwato lawo losweka lija, lonse lathunthu, mbalameyo inali italitola kunyanja chidutswachidutswa n'kudzamangira chipinda cha alendo.

Komabe munthu ndi munthu. Atapuma, a Yesaya anati katunduyo akhoza kukhala wa kale, wosiyidwa ndi mwini wake posamuka, ndipo pangano linali la chithunzi. Sanalakwe. Choncho tinayatsa kamera, mitu yonse itaunjikana. Chithunzi choyamba, khomo lachisa lopanda kanthu. Chachiwiri, chimodzimodzi. Kenako mchira wa tembo wosaoneka bwino, diso la ng'ona, khomo, khomo, khomo. Ndipo chomaliza chinali icho mukuchionacho: ine, wojambulidwa kuchokera pamwamba, ndili gone pathanthwe, kukamwa yasa, ndi pangodya chala chakuda chokhota cha amene anadina batani. Ndani akanajambula kuchokera pamwamba, ngati si wokhala m'chisamo m'mawa womwewo?

Tsopano, poti ndinalonjeza chilungamo, ndikuuzeni zimene ena amanena, a pamsika wa Chintheche makamaka, anthu amene sanaviikidwepo chibadwire. Iwo amati ine m'dziwemo ndinakhalamo maola awiri okha, ndinatuluka ndikunjenjemera, n'kukagona pathanthwe. Amati NyaLongwe ndiye anatola kamera, anakwera pachulu cha pamtunda paja n'kundijambula kuti akaseke ndi anzake, ndipo kanthu kakuda ka pangodyako ndi chala chake chimene chinaphimba galasi. Amatinso zidutswa za bwato anazitola ndi amayiwo m'mphepete mwa nyanja, ndipo malata amene a Yesaya analumikizira bwatolo pamodzi ndi phula anachokera padenga la khitchini yanga. Ndaiganizira mbali yawo mofatsa. Ndivomereze kuti zala za NyaLongwe n'zakuda ndi zokhota ndithu. Ndivomerezenso kuti khitchini yanga imadontha mpaka lero, ndipo mvula ikamagwa ndimaphika nditafunda ambulera. Zinazo sindiyankha.

Chimene ndikudziwa ndi ichi. A Yesaya ali ndi maso amene amaona usipa uli pansi pa nyanja ena onse akuona madzi okha. Munthu wotero sangalephere kusiyanitsa chala cha mbalame ndi cha mnansi wake amene wadya naye m'mbale imodzi chiyambire ubwana. Anatenga kamera ija m'manja mwawo, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anayang'ana NyaLongwe, amene mwadzidzidzi anabisa manja m'chitenje, anayang'ana amayi onse aja ndi madengu awo mumthunzi, kenako anayang'ana ine, mkazi wa malemu mkulu wawo, ndili mbuu ngati mzukwa.

"Ndi chala cha nantchengwa," anatero. "Ndikuchidziwa bwino. Nkhwangwa yanga ilibe njala lero."

Ndinangothokoza kuti, "Yewo, ada."

Ndiye ndimathokoza. Ndimathokoza mwana wanga chifukwa cha kamera, tembo chifukwa cha matemba, ng'ona chifukwa cha mphuno yake, amayi chifukwa chondizindikira mtondo usanandilandire, ndi nantchengwa, amene pa zithunzi zonse zimene zatuluka m'kamera imeneyi kufikira lero, chake chokha ndicho anthu amabwera kudzaona. Bwato lija likuyendabe, lazigamba ngati buluku la m'munda, ndipo asodzi anzawo amachitira umboni kuti likafika pamene pali nsomba limaweramitsa mutu lokha ngati mbalame yosaka. Mbawa ija ilipo, ndi chipsera chimodzi patsinde pake. Amene akuti ndanama atsike ku Luweya akalowetse chala m'chipseracho, akatero apite kwa alamu anga akawauze pamaso kuti sadziwa chala cha mbalame. Ine ndikhala pano, ndikudikira kuti ndione ngati abwerako ndi mano onse amene akusekerawo.